Wailesi ya Ambuya

Pansi pa kama wa ambuya anga, amene anabala amai, kwathu m'dziko la Mfumu Chikwa, panali kanthu kobulungira ngati sefuliya, ka utoto wonga mtambo umene unali utayamba kusupuka. Ife ana tinali kuyesa kuti ndi sefuliya ndithu, pakuti ambuya anali kusungamo mbeu za maungu, singano, ndi khadi lao la ku cipatala. Tsiku lina, ndiri wa zaka khumi ndi ziwiri, ndinakaturutsa kuti ndikatungire madzi, ndipo ambuya anandikalipira kolimba, cinthu cimene sanali kucita kawirikawiri. Mtima utatsika anandiitana nati, "Iwe mdzukulu wanga, ici si ciwiya cotungira madzi iai. Umu munali kukhala anthu olankhula, ndipo ena a iwo anali abodza."

Inali wailesi. Anthu a msinkhu wanga sanaione ikulira, koma akulu akuikumbuka bwino. Inayamba kugulitsidwa m'dziko muno m'caka ca 1949, pamene Bwana Harry Franklin, amene anali mkulu wa zofalitsa nkhani m'boma la Northern Rhodesia, anapangana ndi kampani ya Ever Ready ya ku Britain kuti ipange wailesi ya mtengo wocepa yoti munthu wakuda angathe kugula. Anaipatsa dzina lakuti Saucepan Special cifukwa ca maonekedwe ace, ndipo mtengo wace unali £5, osawerengera betri lace lalikuru lolemera. Agogo anga aamuna anaigula ndi ndalama za ku migodi, naisenza pa njinga kucokera ku Lundazi kutsikira m'cigwa ca Luangwa. Madzulo mudzi wonse unali kusonkhana pa khonde pao kumvera nyumba ya mphepo ya ku Lusaka: nyimbo za Alick Nkhata, moni wa anthu a kutali m'cigawo cija ca Zimene Mwatifunsa, ndi nkhani za boma. Ife Asenga cilankhulo cathu sicinali kumveka m'menemo. Tinali kumva za dziko lathu lomwe m'Cinyanja kapena m'Cibemba, monga mlendo amamvera mlandu wace kupyolera mwa womasulira, ndipo ndi m'Cinyanja comweco ca ku sukulu cimene ndirikulemberamo tsopano.

Owerenga asayese kuti makolo athu anali kumeza ciri conse coturuka m'bokosimo. Pa nthawi ya mkangano wa Federesheni, ca m'ma 1952 ndi 1953, mbiri inawanda yakuti aulutsi acikuda a ku Lusaka anali m'gulu la anyama, anthu ogwira anzao usiku ndi kuwakhetsa mwazi, ndipo ena a iwo anaopa kuyenda poyera. Wailesi inali kunena kuti Federesheni ndi yabwino, mbiri ya pakamwa inali kunena kuti wonenayo ndi mfiti, ndipo anthu anakhulupirira ya pakamwa. Kotero panali mau a mitundu iwiri: ocokera kumwamba, oyenda ndi mphepo, ndi ocokera pansi, oyenda ndi miyendo. Ambuya anadzapezeka pakati pa mau awiriwa, ndipo anapsa nao.

M'mwezi wa September 1953, mai wina wa m'mudzi wa Kasomo kufupi ndi Chinsali, dzina lace Alice Mulenga Lenshina, anadwala kwambiri, ndipo atatsitsimuka ananena kuti anafa naonana ndi Ambuye, amene anambweza ndi nchito yoti acite. Anabatizidwa pa mishoni ya Lubwa, koma posacedwa anapatukana nao amishoni, nayamba mpingo wace wa Lumpa. Mai ameneyu analibe wailesi, analibe nyuzipepala, ndipo sukulu sanapite nayo patali. Anali ndi nyimbo zokha, zopekedwa m'Cibemba ca pamudzi ndi maimbidwe a makolo, zosafuna buku. Munthu akazimva kawiri anali kupita nazo kwao m'mutu. Ndipo mau ace anali amodzi osabvuta kumva: tayani nyanga ndi zithumwa, lekani mitala, lekani mowa, bwerani mudzayeretsedwe. Pofika 1955 ndi 1956 anthu zikwizikwi anali kulunjika ku Kasomo, ambiri a iwo ocokera m'boma la Lundazi, limene nthawi imeneyo dziko la Chikwa linali pansi pace.

Ambuya anapita nao ulendowo ali mtsikana wongokwatiwa kumene, pamodzi ndi akulu ao aakazi. Anaoloka Luangwa, nakwera mapiri a Muchinga, nagona m'njira masiku angapo, ufa uli pamutu. Ndinawafunsa kuti, "Nanga inu ambuya, munakafunako ciani, popeza chalichi munali nalo pafupi?" Anandiyankha kuti mwana wao woyamba anali atamwalira, ndipo apongozi anali kunong'ona kuti m'nyumbamo muli kanthu. Ku chalichi ca amishoni anali kuuzidwa kuti ufiti kulibe. Koma munthu amene anzace akumloza zala sathandizidwa ndi mau akuti ufiti kulibe. Ku Kasomo anaona mulu wa nyanga ndi mikanda yotayidwa, wautali kuposa munthu, naona mkazi mnzao ataima pamaso pa amuna ambirimbiri, amuna ali cete. "Sindinaonepo zotere cibadwire," anatero ambuya. "Mafumu a ndevu kukhala pansi, mkazi ndi kumalankhula."

Ine ndinaphunzira kwa amishoni, ndipo kumeneko dzina la Lenshina linali kuchulidwa monga citsanzo ca kusokera. Sindifuna kumuyeretsa pano. Munthu amene auza khamu kuti mabvuto ace onse acokera kwa mfiti wayatsa moto umene iye mwini sadzatha kuuzima, ngakhale cifuno cace cikhale cabwino. Koma ndimati ndikawerenga zolembedwa za nthawi ija, ndimaona kuti amuna a ndale anali kucita cimodzimodzi, kungosintha dzina la mfitiyo. A cipani ca UNIP, pomenyera ufulu umene tonse tikudya lero, anagawa anthu pawiri: wa khadi ndi wopanda khadi. Wokweza mau anali kupfuula "Kwacha!" khamu ndi kubvomera "Ngwee!" ndipo wosabvomera anali kuonedwa ngati wogulitsa dziko. Poyamba magulu awiriwa anali kumvana, kotero kuti ngakhale Robert Kaunda, mkulu wace wa Kenneth Kaunda, anakhalapo m'mpingo wa Lumpa. Koma pamene Lenshina analetsa anthu ace kulowa m'zipani, makhadi anayamba kutenthedwa mbali iyi, machalichi ndi kutenthedwa mbali iyo. Kuyambira 1963 a Lumpa anasamuka m'midzi ya mafumu namanga midzi yaoyao yozingidwa ndi malinga a mitengo. Mfumu ikalandidwa anthu imalandidwa ufumu, conco mafumu naonso anakwiya.

Apa ndi pamene banja lathu linang'ambika. Agogo aamuna anali ndi khadi la cipani, ndiponso anali mwini wailesi, ndiye kuti khonde lao linali ngati bwalo la cipani pamudzipo. Ambuya anasiya za Lumpa natsata mwamuna. Akulu ao aja anakana, natenga ana ao awiri kukakhala m'mudzi wa linga.

Zimene zinatsatira zinalembedwa m'mabuku, ndipo ndizichula mwacidule. Boma, limene Kaunda anali kale nduna yace yaikuru ngakhale ufulu unali usanafike, linalamula kuti midzi ya malinga ipasulidwe pofika pa 20 July 1964. Kumapeto kwa mwezi womwewo nkhondo inabuka ku Chinsali, ndipo pa 30 July asilikari analowa ku Sione, likulu la mpingowo, napha anthu ambiri. Usiku wa pa 3 August a Lumpa a ku Chipoma anathira nkhondo boma la Lundazi, nalanda mfuti, napha anthu m'tauni ndi m'midzi yozungulira, ndipo tsiku lomwelo mpingo unaletsedwa. Moto unatsikira kuno ku cigwa mpaka pa mudzi wa Mfumu Chikwa. Pa 7 August anthu a m'midzi, osati asilikari iai, koma anansi odziwana maina, anazinga mudzi wa a Lumpa wa Paishuko napha anthu 46, amuna, akazi ndi ana, mwa njira zimene sindingathe kuzilemba m'buku lowerenga ana a sukulu. Boma linawerenga akufa oposa 700 m'nkhondo yonseyo. Ena amati anapitirira 1,000.

Masiku onsewo ambuya anali kubisala m'thengo usana, usiku ndi kubwera kudzamvera wailesi. Imene inali kuwauza za moni wa ku Ndola tsopano inali kunena za anthu openga, ogwidwa ndi mizimu yoipa, ndi kuti Lenshina afunika kupezeka wamoyo kapena wakufa. Pa khonde amuna anali kuonjezapo zao: kuti a Lumpa amamwa zonyansa kuti zipolopolo zisanduke madzi, kuti saalinso anthu, kuti mkazi uja amagona ndi ziwanda. Ambuya anati cimene cinawaopsa koposa sicinali mfuti, koma kuona kuti mau a m'bokosi ndi mau a pakamwa, amene kale anali kutsutsana, tsopano anagwirizana. Panalibenso pothawira khutu. "Ndinakhala pomwepo," anatero, "ndikumva akunena mkulu wanga kuti ndi cirombo, ine ndi kumagwedeza mutu kuti angandione." Akulu aowo sanaonekenso, iwo ndi ana ao. Kaya anathera m'cigwa momwemo, kaya anali m'gulu la zikwi zija zinathawira ku Congo, palibe anabwera kudzanena. Lenshina anadzipereka pa 11 August, nasungidwa m'ndende popanda kuzengedwa mlandu kufikira 1975, namwalira ku Lusaka pa 7 December 1978. Betri la wailesi litatha caka ca ufuluco, ambuya sanalole kuti ligulidwe lina.

Ndakhalitsa pa nkhani yakale cifukwa ndi imene inanditsegula maso pa zimene ndaziona ndekha. M'caka ca 2011 ndinali nditangoyamba nchito ya ukalaliki, ndipo dziko lonse linali kulankhula za Michael Sata. Munthu ameneyu anali ndi lilime lakuthwa, kotero kuti anamucha King Cobra. Wailesi ndi kanema wa boma zinali kumnyoza, makamaka m'cigawo ca Stand Up for Zambia ca Chanda Chimba, koma iye anali kuyenda m'timawailesi tating'ono ta m'matauni, kuyankha anthu pa lamya m'cilankhulo ca pa msika, nyuzipepala ya The Post iri pambuyo pace. Analonjeza ndalama zambiri m'matumba ndi kusintha zinthu m'masiku 90. Ndipo mau aja akuti "Don't kubeba," ndiwo akuti landirani citenje ndi ndalama za wopereka koma musamuuze kumene mudzaponya voti, anafika ngakhale kuno kumene nyuzipepala imafika itatha sabata. Anapambana Rupiah Banda m'mwezi wa September. Ine ndinakondwa nao, sindibisa. Kunali kokoma kumva munthu wamkuru akulankhula monga timalankhulira ife.

Ife a ku Chama tinalawa msanga mphamvu ya mau a munthu mmodzi. Caka comweco tinamva pa wailesi kuti boma lathu lacotsedwa ku cigawo ca Kum'mawa ndi kuikidwa m'cigawo catsopano ca Muchinga, likulu lace ku Chinsali. Makalata amene tinali kutumiza ku Chipata tinayamba kuwatumiza kutsidya kwa Luangwa, njira yomwe ija ambuya anayenda ndi ufa pamutu. Mu 2021 tinamvanso pa wailesi kuti tabwezedwa Kum'mawa, ndipo ife akalaliki tinasinthanso mitu ya makalata ndi zidindo. Mlimi wa mpunga wa kwa Chikwa anasamutsidwa kawiri osasuntha phazi.

Popeza tiri m'malire, mawailesi a ku Malawi timawamva bwino, nthawi zina kuposa athu. Bingu wa Mutharika atamwalira pa 5 April 2012, nduna zina zinaonekera usiku pa kanema wa boma kunena kuti Mai Joyce Banda sangalowe m'malo, ngakhale malamulo anali kunena poyera kuti waciwiri ndiye alowe. Pa 7 April analumbira. Ambuya anali atakalamba kwambiri, maso atacita khungu, ndipo ndinawauza nkhaniyo ndikuyesa kuti adzasekera. Anangofunsa kuti, "Nanga ayamba kale kumnena?" Anali atayamba kale ndithu. Anali atanenedwa kuti ndi wogulitsa mandasi cabe, ndipo pofika cisankho ca 2014 mwambi wakuti ng'ombe yaikazi sikoka ngolo unali pakamwa pa anthu ambiri. Zoona, kuba kwa ndalama za boma kochedwa Cashgate kunaululika mu 2013 iye ali pampando, ndipo anthu anali ndi cifukwa comkanira. Anathera pa nambala yacitatu. Koma ndinazindikira kuti mwamuna akalakwa amanenedwa colakwa cace, pamene mkazi akalakwa amanenedwa ukazi wace. Kwathu kuno Edith Nawakwi, amene anakhala nduna ya cuma yoyamba yaikazi mu 1998, anaima pa upulezidenti mu 2015 ndi 2016 osafika ngakhale voti imodzi pa mavoti 100, ndipo zimene anyamata anali kumnenera pa misonkhano sizinali za cuma. Inonge Wina mu 2015 ndi Mutale Nalumango mu 2021 anafika pa mpando waciwiri, koma onse awiri anacita kugwidwa dzanja ndi mwamuna wa pa mpando woyamba.

Tsono ndifike pa ine mwini, pakuti nkwapafupi kuloza anthu a ku Lusaka ndi ku Lilongwe.

Pa cisankho cina ca makhansala, m'dera lina la boma lathu, munaima mai wina wamasiye, mlimi wa mpunga, amene anali atatsogolera gulu la amai zaka zambiri. Anali wodziwa kulankhula, ndipo mau ace anali amodzi okha: njobvu zikutha minda, ndipo a maofesi amabwera msanga njobvu ikafa koma amacedwa munthu akafa. Mauwo sanali oona monsemo, koma anali ndi coonadi cokwanira kuti anthu aimirire. Ife a m'maofesi sitinawakonde. Madzulo ena, ndikudya nsima, pa foni yanga panafika mau ojambulidwa pa WhatsApp, liu la mwamuna wosadzichula dzina, kunena kuti mai uja anapha mwamuna wace ndi mankhwala kuti alemere, ndi kuti usiku amaoneka ku manda. Ndinaseka. Ndipo ndi cala cimodzi, dzanja lina liri m'mbale, ndinawatumiza ku gulu la anzanga a ku sukulu, anthu ngati makumi anai, ndi kulembapo kuti, "Tamvani izi." Sindinakhulupirire ngakhale pang'ono. Ndine wa chalichi, ndiponso wa nchito ya boma saloledwa kulowa m'ndale. Ndinangoti ndi zoseketsa.

Patapita masiku atatu ndinamva mau omwewo pa msika, koma tsopano anali ndi mutu watsopano: "Ngakhale a ku boma akudziwa, anatumiza ndi akalaliki." Dzina langa silinachulidwe, koma mpando wanga unasanduka cidindo pa bodza lija. Anyamata anagenda nyumba ya maiyo usiku, mwana wace wamkazi analeka sukulu masabata awiri cifukwa ca kunyozedwa, ndipo amai a m'gulu lace ena anaopa kuyenda naye. Sanapambane. Kapena sakanapambana ngakhale popanda izo. Ndadziuza comweco kambirimbiri, ndipo mwina ndi zoona. Koma ndikagona ndimaona khonde la agogo, amuna akuonjeza pa zimene bokosi lanena, ndi mtsikana akugwedeza mutu. Agogo anafunika £5, njinga ndi ulendo wa ku Lundazi kuti akhale mwini mau pamudzi. Ine ndinangofunika mtolo wa intaneti wa makwacha owerengeka, ndipo sindinacite ndi kusamba m'manja komwe.

Ambuya anali atamwalira kale pamene izi zinacitika, ndipo wailesi ija ndinaitenga ine. Iri pa kabati m'nyumba mwanga ku Chama, mbeu za maungu zikali momwemo. Ndinalembera gulu lija kuti mau aja anali abodza ndi kuti ndinalakwa kuwatumiza. Anandiyankha anthu awiri okha, mmodzi ndi kacithunzi ka nkhope yoseka.

Mwezi wathawu mai uja anabwera ku ofesi ndi mapepala a gulu lao la alimi, ofuna cidindo. Anaima pa mzera kuyambira m'mawa, ndipo atafika pa tebulo langa anagwada pang'ono mwa ulemu wa kwathu, nati, "Mwauka uli, adada?" Ndinawapatsa mpando, ndi kuwerenga mapepalawo kawiri ngakhale munalibe colakwa. Ndinali nditakonza mau m'mtima kwa zaka, koma pakhomo panali anthu ena asanu ndi mmodzi akudikira, ndi mesenjala ataima pambali. Ndinadinda, ndi kusaina, ndi kulemba tsiku. Iwo anapinda mapepala naika m'citenje, nandifunsa ngati ndine mdzukulu wa mai uja anali ndi wailesi yoyamba kwa Chikwa. Ndinabvomera. Anati amai ao anali kukamvera nao pa khondepo ali ana, nandiuza kuti akaimanso pa cisankho cikudzaci, ndipo adzabweranso ndi mapepala ena oti ndidinde.